Dzina la Jumbe ku Nkhotakota: Kuloŵana Kwake ndi Kuzima Kwake

Mau oyamba

Pakati pa Acheŵa ndi Amang'anja dzina la ufumu silifa msanga. Mfumu ikamwalira, akuluakulu a mbumba amakhala pansi nasankha mmodzi mwa abale ake a bele limodzi, kapena mwana wa mlongo wake, ndipo iyeyo amaloŵa dzina. Munthu amaikidwa m'manda, dzina nkutsala pabwalo likuweruzabe milandu. N'chifukwa chake mpaka lero timamva za Lundu, Mwase, Changata ndi Malengachanzi, ngakhale kuti amene adayamba kutchedwa mainaŵa adafa kalekale.

Komabe m'mbiri ya dziko lathu muli dzina lina lalikulu limene lidakhala ndi eni ake anai okha, kenaka nkuzima ngati moto wothiridwa madzi. Dzinalo ndi la Jumbe wa ku Nkhotakota. Kwa zaka pafupifupi 50 aJumbe adali eni zombo zimene zinkaoloka Nyanja ya Malaŵi, ndipo mphamvu zao zidagona pamadzi. M'nkhani ino tifuna kutsata m'mene dzinali lidayambira, m'mene ankaloŵerana, ndi m'mene lidathera. Funso lotitsogolera ndi ili: kodi chimasunga dzina la ulamuliro n'chiyani, ndipo likazima, amanyamula zotsala zake ndani? Yankho lake lidzatifikitsa mpaka m'minda ya tiyi ya ku Thyolo, pakuti dzanja limene lidazimitsa dzina la Jumbe ndi lomwelo limene lidasaina zikalata za malo a mindayo.

Maina a ankhondo a pamadzi ku Mangalande

Tisanafike ku Nkhotakota, tiyeni tione kaye mwambo wa anthu amene adadzalanda nyanja yathu m'manja mwa Jumbe. Ku Mangalande mkulu wa ankhondo a pamadzi akapambana nkhondo yaikulu, mfumu inkamupatsa dzina laulemu lokhala choloŵa cha banja lake. Lamulo lake lidali louma: dzinalo linkatsika kwa ana aamuna okhaokha, obadwa m'ukwati wovomerezeka, ndipo akasoŵa mwana wotere, dzina linkafera pomwepo.

Cuthbert Collingwood adalandira dzina la Baron m'chaka cha 1805 chifukwa cha nkhondo ya ku Trafalgar. Iye adali ndi ana aŵiri, onse aakazi. Adapempha kuti dzinalo lidzapitirire mwa ana akewo, koma pempho lake silidamveke, ndipo atamwalira panyanja m'chaka cha 1810, dzina lidatha. Mnzake Horatio Nelson, amene adaphedwa pa nkhondo yomweyo pa 21 Okutobala 1805, nayenso sadasiye mwana wamwamuna, kotero dzina lake la Viscount lidafa naye. Koma popeza boma lidafuna kuti dzina la Nelson lisaiŵalike, lidakweza mkulu wake William kukhala Earl Nelson, ndi chilolezo chapadera chakuti iyenso akadzasoŵa mwana wamwamuna, dzinalo lidzapite kwa ana a mlongo wake. Zidaterodi m'chaka cha 1835: William atamwalira, adaloŵa dzina ndi Thomas Bolton, mwana wa mlongo wao Susannah, ndipo iyeyu adasiya dzina la bambo wake natenga la Nelson. Mcheŵa aliyense akamva zimenezi sadabwa, pakuti mphwake kuloŵa dzina la malume ake ndiye mwambo wathu. Chimene kwa Angerezi chidafuna chikalata chapadera, kwa ife ndi njira ya masiku onse.

Apa tiphunzirapo kuti dzina loperekedwa ndi mfumu ya kutali limakhala moyo malinga ndi chifuniro cha woperekayo. Collingwood ndi Nelson adamenya nkhondo imodzi, onse adasoŵa mwana wamwamuna, koma dzina la wina lidafa ndipo la mnzake lidapulumutsidwa, chifukwa boma lidatero. Mfundo imeneyi tiisunge, idzatithandiza kumvetsa za Jumbe.

Mlendo wa ku Nkhotakota

M'zaka za m'ma 1840 kudafika ku Nkhotakota wamalonda wina Mswahili wochokera kugombe la kum'maŵa kwa Afrika, dzina lake Salim bin Abdallah. Dziko limene adafikamo lidali ndi eni ake, Acheŵa, ndipo mbiri ya pakamwa imati adapempha malo kwa mfumu Malengachanzi, monga amachitira mlendo aliyense. Mau akuti Jumbe ndi a Chiswahili, ndipo kugombeko amatanthauza mfumu ya mudzi kapena mkulu wa dera. Salim adadziŵika ndi dzina limeneli, ndipo onse amene adakhala pampando wake pambuyo pake adatchedwa chimodzimodzi.

Malowo adaŵasankha mwanzeru. Pa Nkhotakota pali dooko lotetezedwa ndi mchenga wotalika umene umatchinga mafunde a mwera, kotero zombo zimatha kukocheza mwamtendere. Kumadzulo kwake kudali njira zochokera ku Kasungu kwa Mwase, kuchigwa cha Luangwa, mpaka kwa Kazembe ku Luapula, kumene kunkachokera minyanga ya njovu, mkuwa ndi akapolo. Kutsidya kwa nyanja kudali dooko la Losewa, poyambira njira yodzera m'dziko la Ayao mpaka ku Kilwa. Amalonda akale ankazungulira nyanja ndi miyendo kapena kuoloka ndi mabwato osema pamalo opapatiza. Jumbe adabwera ndi amisiri odziŵa kukhoma zombo za matabwa zoyenda ndi matanga, zonga zimene zimayenda pa nyanja ya mchere. Chombo chimodzi chinkanyamula anthu ndi katundu amene mabwato ambiri sakadatha, ndipo chinkaoloka pakati penipeni pa nyanja. Amene adali ndi zombo ndiye adali ndi khomo la malonda onse a derali.

Nthaŵi idamukomeranso. Zaka zimenezo Angoni ankathira nkhondo midzi ya Acheŵa, ndipo anthu ambiri adathaŵira kwa mlendo amene adali ndi mfuti ndi wonga. Motero mudzi wa Jumbe udakula msanga, ndipo mwini dziko amene adapereka malo adayamba kuchepa pamaso pa mlendo wake. David Livingstone atafika pa Nkhotakota mu Sepitembala 1863, adapeza chinamtindi cha anthu othaŵa nkhondo, napezanso wamalonda wina, amene iye adamulemba kuti Juma bin Saidi, akukhoma chombo chatsopano choolotsera akapolo. M'chaka cha 1866 Livingstone adafikanso kutsidya la kum'maŵa ali ndi kalata ya Sultani wa ku Zanzibar, nafuna kuti chombo cha Jumbe chimuolotse. Chombocho sichidabwere, ndipo iye adakakamizika kuzungulira nyanja chakumwera. Pa nthaŵi imeneyo ngakhale Mzungu wonyamula kalata ya Sultani sakadaoloka popanda chifuniro cha eni zombo.

Tisabise chimene chinkaoloka m'zombozo. Christopher Rigby, kazembe wa Angerezi ku Zanzibar, adauza Livingstone kuti akapolo 19,000 ochokera kudziko la kunyanja kuno ankadutsa pa nyumba ya msonkho ya ku Zanzibar chaka ndi chaka. Si onse amene ankadzera pa Nkhotakota, koma dookoli lidali limodzi mwa makomo aakulu. Ndipo chiŵerengerocho sichiphatikiza amene adafera m'midzi yotenthedwa, m'magoli, kapena m'njira ya miyezi yopita ku Kilwa. Ambiri mwa anthu ameneŵa adali olankhula chinenero chathu chomwechi, ndipo ena mwa amene ankaŵagulitsa adali mafumu ao omwe, ofuna nsalu, mikanda ndi mfuti.

Mafuwa atatu a dzina la Jumbe

Mphika sukhala pa fuwa limodzi. Dzina la Jumbe lidakhazikika pa mafuwa atatu, ndipo tiyenera kuŵadziŵa bwino, pakuti kutha kwa dzinali kudali kugumuka kwa mafuwaŵa limodzilimodzi.

Fuwa loyamba lidali zombo, monga taonera. Fuwa lachiŵiri lidali Sultani wa ku Zanzibar. AJumbe ankadzitcha nduna zoimirira Sultani, ndipo ankakweza mbendera yake yofiira. Kunena zoona, Sultani sankatha kutumiza asilikali ku Nkhotakota, ndipo Jumbe ankadzilamulira yekha. Komabe dzina la Sultani lidali lofunika, chifukwa ndilo linkamusiyanitsa Jumbe ndi wamalonda wamba. Amalonda a kugombe ankamukhulupirira ndi katundu wa ngongole, ndipo mafumu a kuno ankamuwona ngati mkono wa mfumu yaikulu ya kutali. Fuwa lachitatu lidali msika. Minyanga ndi akapolo zinkagulitsidwa kugombe, ndipo kuchokera komweko kunkabwera nsalu, mfuti ndi wonga, zimene Jumbe ankagaŵira nduna zake ndi ankhondo ake kuti akhale okhulupirika.

Taonani kuti pa mafuwa atatuŵa palibe limene lidali la m'nthaka ya Nkhotakota. Jumbe sadali mwini dziko. Sadali ndi manda a makolo pamalopo, sankatsogolera nsembe za mvula, ndipo padalibe mbumba imene inkati, "Uyu ndi nkhoswe yathu." Anthu ankamumvera chifukwa cha chitetezo chimene ankapereka, chuma chimene ankagaŵa, ndi mantha. Zimenezi ndi zomangira zolimba, koma zimalimba pokhapokha wogaŵayo akali ndi chogaŵa.

Anai amene adaloŵa dzina

Salim bin Abdallah atamwalira, dzina lidapita kwa Mwinyi Mguzo. Wachitatu adali Tawakali Sudi, wotchedwanso Mwinyi Kisutu, amene adalamulira kuyambira m'zaka za m'ma 1870 mpaka 1894, ndipo ndiye amene Azungu ambiri adakumana naye nalemba za iye. Wachinai ndi wotsiriza adali Mwinyi Kheiri.

Kuloŵana kumeneku kudachitika pakati pa Aswahili a pamudzipo, ndipo eni dziko sadali ndi mau pa nkhaniyo. Woloŵa dzina ankalandira zombo, mfuti, akapolo, ngongole za kugombe ndi nduna zimene zidali ndi ankhondo aozao. Nduna zimenezi ndizo zidali nkhaŵa ya Jumbe aliyense, pakuti munthu amene wakulitsidwa ndi mfuti za mbuye wake angathe tsiku lina kuzitembenuzira kwa mbuyeyo. Pa ufumu wa mbumba, wolimbirana mpando amayenera kuwonetsa bele limene adayamwa. Pa mpando wa Jumbe, chofunika kwambiri chidali kuchuluka kwa mfuti.

M'masiku a Jumbe wachitatu mudzi wa Nkhotakota udafika pachimake. Udali umodzi mwa midzi ikuluikulu kwambiri m'dziko muno, wokhala ndi mzikiti, aphunzitsi a Chisilamu, anthu odziŵa kulemba Chiswahili m'malembo a Chiarabu, ndi madimba a mpunga m'madambo ozungulira. Koma pa nthaŵi yomweyo mafuwa adali atayamba kale kung'aluka.

Nyanja isintha mwini

Ming'alu yoyamba idawoneka kutali. M'chaka cha 1873 Sultani Barghash, poopa kuti sitima zankhondo za Angerezi zitseka chilumba chake, adasaina pangano loletsa kutumiza akapolo panyanja ya mchere, ndipo msika waukulu wa akapolo wa ku Zanzibar udatsekedwa. Malondaŵa sadathe tsiku limodzi, adapitirira mobisa zaka zambiri, koma kuyambira pamenepo mbendera imene Jumbe ankakweza idali ya mfumu imene idakana poyera ntchito imene Jumbeyo ankadyera.

Patangopita zaka ziŵiri, pa 12 Okutobala 1875, sitima ya Ilala idaloŵa m'Nyanja ya Malaŵi, itanyamulidwa zidutswazidutswa pamitu ya anthu kulambalala mathithi a Shire. Woitsogolera adali Edward Young, wa gulu la ankhondo a pamadzi a Angerezi, amene adabwerekedwa ku mishoni ya Livingstonia. Ilala idali sitima yaing'ono ndiponso ya amishoni, koma idaonetsa chinthu chimodzi: chombo cha matanga chimadikira mphepo, pamene sitima ya moto imapita kumene ifuna, pa nthaŵi imene ifuna. Pambuyo pake zidabwera zina, monga Charles Janson ya mishoni ya ku Likoma ndi Domira ya kampani ya African Lakes.

Tawakali Sudi adali munthu wopenya patali. M'chaka cha 1889 Harry Johnston atafika ku Nkhotakota ndi makalata a Sultani, Jumbe adamulandira bwino, nachita naye pangano lovomera chitetezo cha Angerezi, ndipo adalonjezedwa malipiro a chaka ndi chaka. Adamuthandizanso Johnston kupangana za mtendere ndi Mlozi ku Karonga mu Okutobala chaka chomwecho. Poyerekeza ndi Mlozi, amene adapitiriza nkhondo mpaka adanyongedwa mu Disembala 1895, kapena Makanjira, amene adathamangitsidwa m'dziko lake, tingati Jumbe adasankha mwanzeru. Adafera pampando wake. Koma pangano limenelo lidasintha maziko a dzina lake. M'chaka cha 1890 Zanzibar yomwe idaloŵa m'manja mwa Angerezi, ndipo gombe la ku Kilwa lidali kale m'manja mwa Ajeremani. Mbuye wakale adasanduka wolamulidwa, ndipo mbuye watsopano sadali kutsidya kwa mapiri ndi nyanja ngati Sultani. Adali pa Zomba.

Boma la chitetezo litakhazikitsidwa mu 1891, Johnston adaona msanga kuti sangagonjetse eni zombo popanda zombo zakezake. Mu Disembala 1891 Kapitao Cecil Maguire adaphedwa poyesa kuwononga zombo za Makanjira kugombe la kum'maŵa. Choncho m'chaka cha 1893 boma la Mangalande lidaika panyanja sitima ziŵiri za mizinga, Pioneer ndi Adventure, pamodzi ndi ina yaing'ono, Dove, yoyenda mu Shire wa kumtunda, zonse zoyendetsedwa ndi akuluakulu a ankhondo a pamadzi. Kuyambira chaka chimenecho chombo chilichonse chooloka nyanja chinkaoloka mwa chilolezo cha ena.

M'chaka chomwecho cha 1893 Chiwaura, mmodzi mwa nduna za Jumbe, adamuukira mbuye wake, namanga linga lolimba pafupi ndi Nkhotakota. Jumbe sadathe kumugonjetsa yekha. Adapulumutsidwa ndi asilikali a Johnston, amene adabwera ndi sitima zija, nagumula lingalo, ndipo Chiwaura adaphedwa. Anthu onse adaona ndi maso ao kuti amene kale ankateteza anzake tsopano akutetezedwa. Mafuwa onse atatu adali atagwa, ndipo mphika unkangolenjekeka m'dzanja la mlendo wina.

Kuzima kwa dzina

Tawakali Sudi adamwalira m'chaka cha 1894, ndipo Mwinyi Kheiri adaloŵa dzina. Sadakhalitse. Boma lidamuimba mlandu wokhudza kupha anthu, lidamuchotsa pampando, ndi kumutumiza ku Zanzibar. Pofika 1895 ku Nkhotakota kudalibenso Jumbe, ndipo boma silidalole kuti wina aloŵe m'malo mwake. Ulamuliro udapita kwa bwana wa boma, ndipo mmodzi mwa oyamba kukhala pa udindowu adali Alfred Swann, munthu amene ntchito yake yakale idali kuyendetsa zombo pa nyanja ya Tanganyika. Nduna zotsala zidasanduka nyakwaŵa za pansi pa boma.

Dzina la Collingwood lidafa chifukwa chosoŵa mwana wamwamuna. La Jumbe silidasoŵe woliloŵa, pakuti abale adalipo, ndipo zidzukulu zao zilipo. Lidafa chifukwa amene adali ndi mphamvu panyanja adaona kuti salifunanso. Chodabwitsa ndi chakuti mudzi waukulu chotere sudadzuke kulimenyera nkhondo dzina la mbuye wake. Makolo adati mlendo ndi mame. Dzina limene lidabwera ndi zombo lidachoka pa sitima, ndipo anthu adapitiriza kulima mpunga wao.

Tiyerekeze ndi dzina la Lundu, kuchigwa cha Shire kumunsi kwa mapiri a Thyolo. M'zaka za m'ma 1860 nkhondo, njala ya 1862 ndi 1863, ndi Amakololo amene adabwera ndi Livingstone zidauphwanya ufumu wa Lundu, kotero kuti kwa zaka zambiri dzinali lidali lopanda mphamvu. Koma mbumba idalipo, kachisi wa Mbona ku Khulubvi adalipo, ndipo anthu sadaiŵale mwini dziko. Lero Lundu ndi mfumu yaikulu ya Amang'anja. Chimodzimodzinso ku Nkhotakota: dzina la Malengachanzi, limene lidaphimbidwa ndi la mlendo wake, ndilo likumveka pabwalo lero. Madzi saiŵala khwaŵa.

Apa pali kusiyana kumene anzeru a kale adakuwona, pakati pa mphamvu ndi ulamuliro. Mphamvu ndi kutha kukakamiza munthu kuchita chimene safuna. Ulamuliro ndi kumveredwa ndi anthu amene akuvomereza mumtima kuti wolamulayo ndi wao ndipo akufuna ubwino wao. Mphamvu ikatha, dzina lomangidwa pa iyo yokha limatha nayo. Dzina lomangidwa pa ulamuliro limatha kugona zaka zambiri nkudzukanso. Augustino wa ku Hippo adasimbapo za wachifwamba wa panyanja amene adagwidwa nabwera naye kwa Alexander Wamkulu, ndipo poyankha mlandu adaonetsa kuti iye ndi mfumuyo ankasiyana kukula kwa zombo chabe. Phunziro la Augustino lidali lakuti popanda chilungamo, kuchuluka kwa zombo sikusandutsa kulanda kukhala ufumu. Muyeso umenewu umamugwira Jumbe. Koma tikhala osakhulupirika tikapanda kuugwiritsa ntchito pa amene adamugonjetsa.

Choloŵa chopanda dzina: minda ya ku Thyolo

Kuthetsa malonda a akapolo panyanja kudali chinthu chabwino, ndipo palibe chifukwa chokuchepetsera. Anthu zikwizikwi amene akadafera m'njira ya ku Kilwa adakalamba m'midzi mwao. Koma m'zaka zomwezo za 1892 mpaka 1894, pamene sitima za mizinga zinkatsitsidwira m'madzi, Johnston yemweyo ankasaina zikalata zotsimikiza kuti malo amene Azungu ankati adagula kwa mafumu ndi aodi. Zikalata zimenezi zidakhudza maekala pafupifupi 3.7 miliyoni m'dziko lonse, ndipo m'mapiri a Shire zidatenga mbali yaikulu ya nthaka yachonde. Ku Thyolo, wamalonda Eugene Sharrer adatenga malo aakulu ndithu, amene mu 1902 adapita kwa kampani ya British Central Africa. Mtengo wake kaŵirikaŵiri udali nsalu, mikanda ndi mfuti, katundu yemwe uja amene Jumbe ankagulira anthu.

Zikalata zambiri zidali ndi mau oteteza midzi ndi minda ya anthu amene adapezeka pamalopo, koma mauwo sadasungidwe. M'chaka cha 1903 woweruza Nunan adagamula mlandu mokomera anthu a m'midzi yotere, nakayikira ngati mfumu idali ndi ufulu wogulitsa nthaka ya anthu ake, koma chigamulocho sichidasinthe zinthu kwenikweni. Alomwe amene ankathaŵa nkhanza za ulamuliro wa Apwitikizi ku Mozambique adafika ambiri m'zaka zimenezo, ndipo popeza sadali otetezedwa ndi mau aja, adalandiridwa pa maesiteti ngati alendo olipira lendi ndi thukuta lao. Mau akuti thangata, amene kwa makolo ankatanthauza kuthandizana pa ntchito, adasanduka dzina la ntchito yokakamiza: mwezi wa lendi, mwezi wina wa msonkho, ndipo kutalika kwa mweziwo ankakudziŵa ndi kapitao. Pa nthaka imeneyi ndi pa manja ameneŵa padamera khofi, fodya, ndipo pambuyo pake tiyi. Mkwiyo wake udaphulika mu Ogasiti 1953, pa zipolowe zimene zidayambira ku Thyolo, ndipo thangata adathetsedwa ndi lamulo m'chaka cha 1962.

Thangata sadali ukapolo wa m'zombo. Munthu wa pa esiteti sankagulitsidwa ku Kilwa, ndipo tisasokoneze zinthu ziŵirizi. Chimene tifuna kuwonetsa ndi kusiyana kwa mitundu iŵiri ya choloŵa. Choloŵa cha Jumbe chidamangidwa pa dzina la munthu, ndipo munthuyo atakwezedwa sitima, chidatha. Choloŵa cha chikalata sichifuna mwana wamwamuna ngati cha Collingwood, sichifuna mwana wa mlongo ngati cha Malengachanzi, sichifunanso zombo. Chimagulitsidwa, chimagaŵidwa, chimachoka kwa munthu kupita kwa kampani ndi kwa kampani ina, ndipo sichimwalira. Sharrer adapita, Johnston adamwalira mu 1927, mbendera ya Angerezi idatsika mu 1964, boma lidagula ndi kubweza mbali ina ya malowo, koma malire ambiri amene adalembedwa m'zaka zija akali kuwoneka pamene tiyi wobiriŵira amalekezera ndipo timinda ta chimanga topanikizana timayambira.

Mau otsiriza

Ku Nkhotakota zidatsala zinthu zimene dzina la Jumbe silidapite nazo. Mpunga ukulimidwabe m'madambo aja, ndipo ukudyetsa anthu ambiri. Chisilamu chidazika mizu, ndipo Asilamu a kumeneko lero ndi ana a dziko lino, amene sayenera kusenzetsedwa mlandu wa zombo zija, monga momwe Mkhristu wa lero sasenza mlandu wa Sharrer, kapena Mcheŵa wa lero mlandu wa mfumu imene idagulitsa anthu ake. Zidzukulu za ogulitsa, za ogula ndi za ogulitsidwa zidakwatirana, ndipo zimapha nsomba m'nyanja imodzi.

Komabe kusakhala ndi mlandu sikufanana ndi kusakhala ndi udindo. Pa mwambo wathu, woloŵa dzina amaloŵa ndi milandu yomwe imene womwalirayo adasiya, ndipo mbumba imadziŵa khomo loti igogode. Dzina likazima, kapena choloŵa chikakhala chopanda dzina, khomolo limasoŵa. Amene adaoloka m'zombo za Jumbe alibe woŵapepesa, pakuti mpando udachotsedwa mu 1895. Koma za nthaka ya ku Thyolo mlandu sudafike potero. Eni zikalata alipo, boma limene lidaloŵa m'malo mwa la Johnston lilipo, mafumu alipo, ndipo zidzukulu za anthu a thangata zikuthyola tiyi m'mizere yomweyo. Onse amene angakhale pabwalo akali moyo, ndipo mlandu umene eni ake alipo ungathe kukambidwa.